Kunyanja ku Mangochi, tipite mwezi uti?

Ambiri a ife tsiku lopita kunyanja sitidzisankhira tokha, imatisankhira ndi kalendala ya tchuthi. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, mabasi ndi maminibasi ochokera ku Blantyre, ku Zomba, ku Balaka ndi ku Lilongwe amachita kundondozana pamsewu wa ku Mangochi, amayi atavala zitenje zofanana, nyimbo ili pakamwa. Pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano n'chimodzimodzi, pa Isitala pang'ono. Sindikudzudzula aliyense, pakuti wapantchito amayenda pamene abwana am'masula, ndipo mwana wasukulu amadikira kuti atsekere. Koma nyanja nayo ili ndi kalendala yake, yoyendera mphepo, madzi ndi mwezi wakumwamba, ndipo masiku athu akuluakulu a tchuthi amagwa pa nthawi imene kunyanjako kwatentha kwambiri, kwadzaza anthu, mitengo nayo yakwera. Wina akandifunsa kuti apite liti, ine ndimamuuza kuti mu Meyi. Meyi akakanika, apite kumapeto kwa Ogasiti kulowa mu Sepitembala. Yankho limeneli lili ndi zifukwa zake, komanso lili ndi pamene limaterereka.

Tiyambe ndi malo enieniwo, chifukwa tikati "ku Mangochi" timaphatikiza magombe osiyana kwambiri. Mukachoka paboma, pamene mtsinje wa Shire umadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, msewu wopita ku Monkey Bay umayenda makilomita oposa 60 motsata nyanja. M'mbali mwa msewu umenewu ndi mmene muli mahotela akuluakulu, ku Nkopola, ku Makokola ndi ena oyandikana nawo, pamodzi ndi nyumba zogona alendo zosawerengeka. Magombe a kumeneku amayang'ana kum'mawa: dzuwa limatulukira patsidya, kuseri kwa mapiri, chilumba cha Boadzulu chili pakati pa madzi. Mukapitirira n'kukhota musanafike ku Monkey Bay, mumadutsa m'mapiri a ku Nankumba n'kutsikira ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Gombe la kumeneko limayang'ana chakumpoto ndi kumadzulo, moyang'anizana ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndipo dzuwa limalowera m'madzi. Tsiku limodzi lomwelo, mphepo imodzi yomweyo, gombe lina likhoza kukhala la mafunde pamene lina lili zii. N'chifukwa chake funso la mwezi silisiyana ndi funso la gombe.

Mphepo imene imalamula nyanja yathu ndi mwera. Umachokera kummwera chakum'mawa, umayamba kuonekera mu Meyi, umakula mphamvu mu Juni ndi Julayi, n'kuyamba kufooka mu Ogasiti. Suwomba tsiku lililonse. Umabwera masiku angapo motsatizana, n'kuleka, n'kudzabweranso, ndipo a zanyengo amalengeza pawailesi kuchenjeza asodzi ndi onse oyenda pamadzi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo inagona motsata njira ya mphepoyi, kuchokera kummwera kupita kumpoto. Choncho mafunde amakula akamapita kumpoto. Ku Mangochi ndiko mwera umangoyambira ulendo wake pamadzi, usanapeze mtunda wokwanira kuutsa mafunde aakulu ngati a ku Senga Bay, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay. Ku Chembe mapiri a Nankumba amatchinganso, moti mwezi wa Julayi munthu akhoza kusambira pagombe madzi ali bata pamene kuseri kwa Domwe kukuchita thovu.

Izi zisapusitse munthu. Amene afika paboma la Mangochi ayime pang'ono pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, awerenge chikumbutso cha sitima ya Viphya. Inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Chitimba, m'nyengo yomweyi ya mwera, ndipo anthu 145 anafera m'madzi. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano. Nanga boti lamatabwa lonyamula alendo khumi kupita kuchilumba? Mukamufunsa mwini boti kuti, "Achimwene, ku Thumbi tipita lero?" iye n'kuyang'ana kunyanja n'kunena kuti, "Bwana, dikirani kaye, mphepoyi ikagwa madzulo ndiye tiona," mumvereni, musakasake wina wovomera msanga chifukwa cha ndalama. Ndipo ngati m'boti mulibe zovala zoyandamitsa zokwanira aliyense, ana anu asakwere, kaya ndi mwezi uti.

Mwera umachitanso chinthu china chimene maso saona. Ukawomba masiku ambiri, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, monga mmene madzi a m'beseni amathamangira mbali imodzi mukalipendeketsa, ndipo kummwera kuno madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Madzi a pansiwo amabwera ndi chakudya cha tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, n'chifukwa chake chigawo chino cha nyanja, kuyambira ku Monkey Bay kutsika mpaka potulukira Shire, ndicho chakhala nkhokwe ya chambo kuyambira kale. Kwa mlendo, tanthauzo lake n'lakuti mu Juni ndi Julayi madzi amazizirirapo, cha m'madigiri 23, pamene m'miyezi yotentha amafika 28 kapena kuposa. Wamkulu amasambira bwinobwino masana. Mwana wamng'ono amatuluka msanga milomo ikunjenjemera, makamaka mphepo ikamukhudza thupi lili lonyowa.

Komabe chisanu cha kunyanja si chisanu cha ku Dedza kapena cha ku Bvumbwe. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre ali pamwamba pa mamita 1,000. Masiku amene chiperoni chakuta Limbe, anthu akuyenda atakwinyika m'majuzi, ku Nkopola dzuwa limakhala likuwala, masana kofunda, usiku kofuna bulangete limodzi. Kwa okalamba, kwa odwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi, kwa aliyense amene kutentha kumamufooketsa, miyezi imeneyi ndiyo yawo. Udzudzu umakhala utachepa, tulo timabwera mosavuta. Ndi nthawinso imene alendo a ku Ulaya amachuluka chifukwa kwawo sukulu zatsekera, choncho ku Cape Maclear malo abwino amadzaza mu Julayi ndi Ogasiti. Okonda maboti a matanga nawo amaudikira mwera womwewu, ndipo mpikisano wawo wautali wolowera kumpoto umachitika cha mu Julayi.

Kumapeto kwa Ogasiti zinthu zimayamba kusintha. Mwera watopa, kutentha kwenikweni sikunafike, mitsinje yaphwa kapena yachepa moti sikuthiranso matope m'nyanja. Madzi amayera. Apa ndi pamene munthu ayenera kuona chimene chinachititsa kuti dera limeneli likhale paki mu 1980 ndi kuti bungwe la UNESCO liliike pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko, ndipo zochititsa chidwi kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala. Kumiyala ya ku Thumbi kapena ku Otter Point, valani magalasi oonera pansi pa madzi, muviike nkhope. Mudzaona tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikubudula ndere pamwala, kamphongo kalikonse kakulondera kadzenje kake n'kumathamangitsa anzake. Mukaima osagwedezeka timafika mpaka pamiyendo. Ndimamva chisoni kuti Amalawi ambiri amene afika kunyanja kambirimbiri sanazionepo zimenezi. Amathera pamchenga wa pahotela, pomwe mbuna sizikhala, pamene anthu ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere amalipira ndege kudzaona tinsomba tomweti.

Pobwerera kuchokera kuchilumba, anyamata a boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi imanyamuka pamtengo, imazungulira kamodzi, imatsika mapiko atatambasuka, zikhadabo patsogolo, n'kuitola osanyowetsa nthenga. Izi zimachitika chaka chonse, koma zimaoneka bwino madzi akakhala bata.

Sepitembala ali ndi phindu linanso kwa amene akudutsa njira ya ku Liwonde. M'chilimwe udzu umauma, madambo amaphwa, ndipo nyama za m'paki ya Liwonde zimasonkhana m'mphepete mwa Shire. Njovu, mvuu, ng'ona ndi agwape zimaoneka mosavuta, ndipo chitengereni pakiyo a African Parks mu 2015 anabwezeretsamo akakwiyo ndi mikango. Banja limene lasunga ndalama ya ulendo umodzi pachaka likhoza kuona zonse ziwiri, paki ndi nyanja, pamafuta amodzi. Chimene chimachepetsa kukoma kwa mwezi umenewu ndi utsi. Anthu amakhala akutentha tchire ndi kusosa m'minda, kumwamba kumachita mbuu, mapiri a patsidya amazimiririka. Wofuna zithunzi zoonetsa kutali sakhutira.

Tsopano Okutobala, mwezi umene timaukonda. Ndinena mosabisa kuti pa miyezi yonse ya chilimwe, uwu ndi Novembala ndiyo yovuta kwambiri pathupi. Masana kutentha kumafika madigiri 35, masiku ena kuposa. Ikamakwana 11 koloko mchenga sungapondeke opanda nsapato, ndipo mumaona ana akuthamanga chodumphadumpha kuchoka pamthunzi kukafika m'madzi. Usiku makoma amatulutsa kutentha kumene anamwa masana, ndipo magetsi akazima m'chipinda chopanda mawindo okwanira, kumacha munthu asanagone. Madzi okha ndiwo amakhala pa ubwino wake wonse: ofunda, oyera, odekha m'mawa. Amene akupita kukasambira basi, ndipo ali ndi thupi lopirira, Okutobala sawakhumudwitsa. Koma kutenga agogo a zaka 75, kuwakhazika maola asanu m'minibasi yodzaza, kuwatsitsa pagombe lopanda mthunzi dzuwa lili paliwombo, n'kuwabweza usiku womwewo, ndi mphatso imene tiyenera kuiganiziranso. Mayi yemweyo atapita naye mu Meyi, n'kugona usiku umodzi, akhoza kubwera akusimba zina.

Palinso nkhani yowawa imene sitingailambalale. Masiku a chikondwerero ngati amenewa ndi amene timamva kawirikawiri kuti wina wamira. Zifukwa zake n'zodziwika: khamu lalikulu pagombe limodzi, anthu ambiri osadziwa kusambira, mowa, ana osiyidwa kuti aziyang'anirana okhaokha, ndi maboti onyamula mopyola muyeso pofuna kukokera ndalama za tsikulo. Pakati pa anthu mazanamazana amene akukuwa ndi kuwazana madzi, munthu womira saoneka, chifukwa sakuwa, amangolowa pansi. Pa Lachiwiri wamba pagombe lomwelo pamakhala anthu owerengeka, ndipo aliyense amaoneka.

Miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala ndi nyengonso ya misonkhano. Mabungwe a akatswiri osiyanasiyana, nthambi za boma ndi mabungwe omwe si aboma amakonda kuchitira misonkhano yawo yapachaka kunyanja, ndipo msonkhano umodzi waukulu umatha kudzaza hotela yonse pamodzi ndi nyumba zogona alendo zoyandikana nayo. Madyerero a nyimbo nawo amagwa nthawi yomweyi. Lake of Stars, mwachitsanzo, yachitikapo zaka zingapo ku Nkopola cha kumapeto kwa Sepitembala. Wofuna chisangalalo cha khamu apite masiku amenewo. Wofuna kupuma afunse kaye asanalipire.

Mvula imayamba cha kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, n'kupitirira mpaka Malichi kapena Epulo. Anthu ambiri amaganiza kuti dzinja kunyanja ndi kungokhala m'nyumba, koma sizili choncho kwenikweni. Mangochi salandira mvula yambiri ngati Mulanje kapena Nkhata Bay, ndipo milambe yochuluka imene imaima m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay ndi umboni wa dera louma. Kawirikawiri mvula imagwa yamphamvu kwa ola limodzi kapena awiri, masana kapena usiku, kenako dzuwa. Utsi uja umatsukika, mapiri amabiriwira, mbalame zochokera kutali zimafika, ndipo usiku mphezi zimang'anima patsidya popanda phokoso. Disembala ndi mwezi wa mango, otsika mtengo moti madengu amangondandalikidwa m'mbali mwa msewu. Khirisimasi ikadutsa, kuyambira pakati pa Januwale mpaka Malichi, alendo amasowa, malo ambiri amatsitsa mitengo, ndipo ena amatseka n'kumakonza nyumba. Munthu wa thumba lopepuka, wopanda ana aang'ono, akhoza kupeza chipinda chimene mu Ogasiti sakanachikwanitsa.

Koma kutsika mtengoko kuli ndi zifukwa zake. M'dzinja mphepo imatembenuka, imachokera kumpoto, ndipo mpoto umalowa molunjika pagombe la Chembe lomwe lija linabisala kwa mwera. Namondwe wa nyengo imeneyi amadza mwadzidzidzi, m'mawa kuli bata, masana nyanja yakwiya. Mitsinje imathira matope ndi zinyalala, madzi a m'mphepete amachita dii, moti mbuna zija sizioneka bwino. Misewu imavuta. Wochokera ku Lilongwe, kaya watsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti kaya wazungulira ku Salima, amadutsa madambo ndi milatho imene madzi osefukira amaiononga kawirikawiri. Ndipo zaka zapitazi tinaphunzira kuti Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe akuluakulu ochokera kunyanja ya India. Namondwe Ana, mu Januwale 2022, anaononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kukhala mumdima wa apo ndi apo kwa nthawi yaitali. Freddy, mu Malichi 2023, anapha anthu ambiri ndi kudula misewu m'chigawo chakummwera. Ulendo wa m'miyezi imeneyi umafuna kumvera zanyengo mpaka tsiku lonyamuka.

Choopsa chachikulu cha dzinja ndi malungo. M'mphepete mwa nyanja udzudzu ulipo chaka chonse, koma umachulukitsa mvula ikakhazikika ndiponso masabata otsatira italeka. Ku Cape Maclear kuli manda a ena mwa amishoni a mishoni ya Livingstonia, imene amishoni a ku Scotland, kuphatikizapo Robert Laws, anaikhazikitsa pamalopo mu 1875. Anasankha malowo chifukwa cha doko labwino ndi kukongola kwake, koma malungo anawapha mmodzimmodzi mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Lero tili ndi masikito ndi mankhwala, koma mwana wobadwira m'tauni yozizira, mayi woyembekezera, kapena m'bale amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg kapena ku Manchester ndipo thupi lake linaiwala malungo, ali pachiopsezo chenicheni. Abale athu akunjawa amakonda kubwera pa Khirisimasi, ulendo wa kunyanja uli pamwamba pa mndandanda. Aonane ndi adokotala asananyamuke, agone m'masikito, ndipo akamva kutentha thupi atabwerera anene msanga kumene anali. Kolera nayo imakonda dzinja. Mliri umene unayamba mu 2022 n'kukula m'mvula yolowa mu 2023 unagunda kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, ndipo Mangochi anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Likodzo lokha lilibe nyengo. Nkhono zimene zimafalitsa matendawa zimakhala m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, makamaka pafupi ndi midzi pamene anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo ku Chembe vutoli n'lodziwika kuyambira kale. Kusintha mwezi sikungakutetezeni. Chothandiza ndi kusankha posambira, kumiyala ya kuzilumba kusiyana ndi m'mabango, ndi kukayezetsa kuchipatala pakapita masabata angapo mutabwerako. Mankhwala ake alipo ndipo savuta.

Nanga nsomba? Pajatu ambiri tikati kunyanja, m'maganizo muli chambo chowotcha ndi nsima. Chambo chimaswana m'miyezi yotentha kulowa m'dzinja, ndipo boma limatseka nyanja kwa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala kwa miyezi yosachepera iwiri, kuti nsomba ziikire mazira ndi kulera ana ake. Ndiye kuti Khirisimasi, pamene alendo ofuna chambo achuluka kuposa nthawi ina iliyonse, imagwa m'kati mwenimweni mwa nyengo yotseka. Chambo chinachepa kale kwambiri poyerekeza ndi mmene chinalili m'zaka za m'ma 1980, m'nyanja ya Malawi ngakhalenso ya Malombe. Mlendo akaimitsa galimoto n'kugula mulu wa kasawala, ana a chambo osakwana chikhatho, amakhala akulipira munthu kuti apitirize kupha mbewu. Ine ndimaona kuti apa mlendo ali ndi udindo wofanana ndi wa msodzi. M'nyengo yotseka idyani kampango, mcheni, utaka kapena usipa, kapena funsani ngati chambocho ndi choweta.

Usipa uli ndi kalendala ina, ya mwezi wakumwamba. Asodzi a makoka a chilimira amaupha usiku pounyengerera ndi nyali. Kukakhala mdima wandiweyani, nyali zija zimandandalika pamadzi kutali, mzere wautali wothwanima, ndipo m'mamawa ku Msaka kapena ku Chembe asodziwo amafika atatopa, amayi ogula akudikira ndi mabeseni, mitengo ikukambidwa mokuwa, usipa n'kuyalidwa pa thandala kuti uume, fungo lake lili mudzi wonse. Mwezi ukakhala wathunthu, nyali sizikopa nsomba, maboti ambiri sapita, usipa umasowa n'kukwera mtengo. Choncho wofuna kuona ntchito ya usodzi ndi kugula usipa wopita nawo kunyumba asankhe masiku a mdima. Wofuna kukhala pamchenga usiku kukuwala asankhe mwezi wathunthu. Pa kalendala iliyonse ya pakhoma kapena pafoni zimenezi zimaoneka, koma ndi ochepa amene amaziyang'ana pokonza ulendo.

Tifike tsono pa Meyi. Mvula yatha, misewu yauma, koma dziko likadali lobiriwira. Kumwamba n'koyera, utsi sunayambe, mapiri a patsidya amaoneka mpaka mitengo yake. Masana n'kofunda bwino, usiku n'kozizirira, ndipo madzi akadasunga kutentha kwa dzinja chifukwa nyanja yaikulu chotere imachedwa kuzizira. Mwera ukhoza kuyamba, koma sunafike pachimake. Alendo akunja sanachuluke, misonkhano ikuluikulu sinayambe, choncho malo amapezeka ndipo mtengo umakambika. Nyanja ndi yotsegula kwa asodzi. M'midzi ndi nthawi ya masika, chakudya chili paliponse, mtedza, mbatata, nzimbe, ndipo anthu amene mukukumana nawo sali pa nkhawa ya njala ngati mu Febuluwale. Thumba nalonso limapumako: alimi ayamba kugulitsa. Ndipo mweziwu uli ndi tchuthi ziwiri, pa 1 Meyi tsiku la apantchito ndi pa 14 Meyi tsiku la Kamuzu, zimene zaka zina zimalumikizana ndi Loweruka ndi Lamulungu n'kupereka masiku atatu.

Pamene yankho langali limaterereka ndi pa msinkhu wa madzi. Nyanja imakwera m'dzinja n'kufika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka Novembala kapena Disembala. Pachaka wamba kusiyana kwake ndi pafupifupi mita imodzi, ndipo pagombe losatsetsereka mita imodzi imameza mchenga wambiri. Zaka za mvula yochuluka zimaposa apo. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri moti magombe ena anamira, madzi analowa m'mabwalo a mahotela ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Chaka chotero, wopita mu Meyi akhoza kupeza mchenga umene anauona pachithunzi uli pansi pa madzi. Madzi akasefukira m'mabango, ng'ona ndi mvuu nazo zimafika malo amene sizifikafika, makamaka kufupi ndi Shire ndi kumathiriro a mitsinje. Udzudzu wa dzinja umakhalanso usanathe, ndipo madzi sanayere ngati mmene amayerera mu Sepitembala. Chaka cha madzi ambiri, ine ndemwe ndimauza anthu kuti adikire mpaka Ogasiti.

Vuto lina la Meyi n'lakuti ana ali pasukulu. Tchuthi chachitali chimayamba kumapeto kwa Julayi mpaka Sepitembala, choncho kwa banja la ana asukulu masabata omaliza a Ogasiti ndiwo oyenera: mphepo yachepa, kutentha sikunafike, udzudzu ndi wochepa kuposa nthawi ina iliyonse. Ndi nyengonso ya zinamwali m'midzi ya Ayao, ndipo pamsewu mukhoza kukumana ndi magulu akuvina potulutsa anamwali. Chepetsani liwiro, ndipo musajambule musanapemphe. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu. Mwezi wa Ramadan umasuntha chaka ndi chaka, kubwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, ndipo ukagwa pa nthawi ya ulendo wanu, malo ena odyera a m'misika sagwira ntchito masana monga mwa masiku onse. Mahotela amapitiriza mwachizolowezi, koma amene akukutumikirani akhoza kukhala kuti sanamwe ngakhale madzi chiyambire m'bandakucha, ndipo n'koyenera kuwalemekeza. Pa Eid magombe amadzaza ngati pa Khirisimasi.

Wofuna kukwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, adziwe kuti imanyamukira ku Monkey Bay, kawirikawiri Lachisanu, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Mu Juni ndi Julayi ulendo wa pakati pa nyanja umagwedeza m'mimba. Meyi woyambirira kapena Sepitembala mpaka Novembala ndiyo nthawi yodekha.

Tsono alipo ambiri amene sangasunthe tsiku: mpingo wapangana kale za pa 15 Okutobala, kapena abale akunja afika pa Khirisimasi. Amenewa apite ndithu, koma anyamuke kusanache kuti akafike dzuwa lisanakwere, asambire m'mawa ndi chakumadzulo, masana akhale pamthunzi ndi madzi akumwa ambiri. Pagulu pakhale akuluakulu awiri kapena atatu osamwa mowa amene ntchito yawo ndi kuyang'ana ana ali m'madzi, ndipo dalaivala apume masana m'malo mosangalala nawo. Malo ogona a pa Khirisimasi amafunika kusungitsa miyezi iwiri kapena itatu isanafike. Ndipo mwezi uliwonse umene mwasankha, imbani foni kumaloko musanatumize ndalama, mulankhule ndi munthu amene ali pagombepo, mum'funse ngati mchenga ukuoneka kapena wamira, mphepo ikuchokera mbali iti sabata imeneyo, ngati kuli msonkhano kapena ukwati masiku amene mukufuna, ndiponso ngati ali ndi jenereta kapena sola magetsi akazima.